Moto ukazima, katundu wina ngwotaya ngakhale sanapse

Pa ntchito yanga yozimitsa moto, mawu amene anditopetsa ndi akuti, "Ichi sichinapse, tichisunga." Munthu amatembenuza chinthu uku ndi uku, akaona kuti malawi sanachinyambite, basi chabwerera m'nyumba. Amaiwala kutentha, amaiwala utsi, amaiwalanso madzi amene ife tathira aja.

Utsi wa nyumba yopsa ndi wosiyana ndi utsi wa nkhuni. M'nyumba mumapsa penti, mapulasitiki, mawaya, siponji ya m'mipando ndi m'matiresi. Pulasitiki ya PVC yokutira mawaya a magetsi ikapsa imatulutsa mpweya wa asidi, pomwe siponji imatulutsa poizoni wa cyanide. Mwaye wotsalirawo umadya chitsulo m'masiku ochepa chabe, ndipo chilichonse chimene chimamwa madzi chimamwanso utsi.

Yambani ndi mankhwala, ndipo musawachitire chisoni. Pa mapaketi ambiri amalemba kuti asungidwe pamalo osapyola madigiri 25 kapena 30. Chipinda choyandikana ndi moto chimapyola pamenepo m'kanthawi kochepa, koma piritsi limaonekabe loyera bwinobwino. Sindiiwala bambo ena achikulire odwala shuga amene khitchini yawo inapsa mbali imodzi. Insulini wawo anali m'firiji, firijiyo sinapse, koma inakhala m'ng'anjo imeneyo magetsi atadulidwa. Ndinauza banjalo pomwepo kuti akatenge wina kuchipatala. Mwana wawo anandionetsa kabotolo nati, "Koma achimwene, onani, sikanasweke." Bambowo anapitiriza kudzibaya tsiku ndi tsiku, osaphonya, shuga akukwera, mpaka anakagonekedwa m'chipatala. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti iwo ankatsatira malangizo a dokotala mokhulupirika, osadziwa kuti mankhwalawo anali atatha mphamvu. Odwala BP, khunyu, mphumu, ndi amene amamwa ma ARV, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, musadikire kuti muone ngati mankhwala akugwirabe.

Chakudya nachonso chipite. Cha m'makatoni, m'mapepala, m'matumba a pulasitiki, ngakhale cha m'mabotolo otseka ndi chivindikiro, utsi umalowamo. Zam'zitini zimanyenga anthu kwambiri: kutentha kumafooketsa msoko wa chitini, tizilombo n'kupeza polowera. Firiji ikakhala yopanda magetsi kupyola maola 4, nyama, mkaka ndi zotsala zonse zitayidwe. Kuphikanso sikuchotsa poizoni wa utsi.

Matiresi, mapilo ndi mipando ya siponji zimene zanyowa, chuku chimayamba kumera m'kati pakatha maola 24 mpaka 48. Kuyanika kumaumitsa pamwamba pokha. Za mwana wakhanda, monga mabotolo oyamwitsira ndi zidole zimene amaika kukamwa, sindikambirana ndi munthu, zitayeni.

Tsopano za amisiri osadziwika bwino amene amatulukira utsi usanathe n'komwe. Wina akuuzani kuti wailesi yakanema ingoyanikidwa padzuwa, mawa ilira. Mwaye ndi madzi zikalowa m'chipangizo cha magetsi zimadutsitsa magetsi pamene sayenera kudutsa, ndiye mukalumikiza pa soketi mwaitana moto wachiwiri. Chioneni kaye ndi katswiri wovomerezeka. Mabatire a lithium a m'foni ndi m'laputopu akatenthedwa amatha kuyaka okha patapita masiku, choncho muwaike panja, kutali ndi zoyaka, makamaka akatupa. Silinda ya gasi imene yakhala pafupi ndi moto ibwezeni kwa ogulitsa gasi, musaiyese ndi machesi. Aliponso ogula katundu wopsa, kumupopera zonunkhira n'kukagulitsa kwa ena. Musawapatse matiresi anu, chifukwa amene akukagonapo ndi mwana wa mnzanu.

Zosunga zilipo, ndipo n'zambiri. Magalasi, mapoto achitsulo ndi masipuni zimayera ndi madzi otentha ndi sopo, bola musachedwe. Zovala zimene sizinapse zimachapika, ngakhale fungo limafuna kuchapa kangapo. Ngati nyumba ili pa inshuwalansi, jambulani chinthu chilichonse musanachitaye. Posankha katunduyo valani magolovesi ndi chotchinga pakamwa ndi pamphuno, ndipo ana asalowe nawo.