Chimene chimakanitsa mapepala anu polembetsa domain ndi setifiketi

Eni mabizinesi ambiri muno mu Lusaka akaona webusaiti yawo yatsekedwa amafulumira kuganiza kuti ndalama sizinalowe. Kawirikawiri zinalowa kale. Chasowa ndi umboni woti inuyo ndinu ndani.

Malamulo a 2013 a ICANN, bungwe loyang'anira mayina a pa intaneti, amati mukalembetsa domain (dzina la webusaiti yanu pa intaneti) ya .com, kapena mukasintha imelo imene munalembetsa, kampani yolembetsa domain ikutumizireni uthenga wotsimikizira. Akatha masiku 15 musanayankhe, domain imaimitsidwa, ndipo imelo ya kampani imafera limodzi. Msampha wake ndi uwu: ngati imelo imene munalembetsa ili pa domain yomweyo, uthenga woti muitsegulire sudzakupezani. Lembetsani ndi imelo ina, monga ya Gmail, ndipo ikhale yanuyanu, osati ya mnyamata amene anakupangirani webusaiti. Mayina a .zm ali m'manja mwa ZICTA, bungwe loyang'anira zamauthenga muno mu Zambia, ndipo ali ndi malamulo akeake.

Makampani olembetsa domain akafuna chiphaso, makina ambiri akunja saizindikira NRC yathu. Ilibe tsiku lothera, ilibenso mizere iwiri yapansi ija imene kompyuta imawerenga pa pasipoti. Tumizani pasipoti, ngodya zonse zinayi zioneke, fulashi muzimitse. Chovuta zedi ndi umboni wa kumene mumakhala. Magetsi a ZESCO timangogula mayunitsi, bilu ya madzi imabwera m'dzina la mwini nyumba, ndipo ku Kanyama kapena ku Chawama adiresi nthawi zambiri ndi nambala ya puloti basi. Sitetimenti ya ku banki yosapitirira miyezi itatu ndiyo imathandiza, bola dzina ndi adiresi zifanane ndendende ndi zimene munalemba pa fomu. Pofunsa postal code lembani 10101.

Setifiketi yoteteza webusaiti ili ndi mitundu itatu, DV, OV ndi EV: ya DV imangofuna kuona kuti domain ili m'manja mwanu, ndipo bungwe la Let's Encrypt limaipereka ulere. Za OV ndi EV ndizo zimafufuza kampani. Opereka setifiketi amayang'ana ku PACRA, kumene timalembetsa makampani, kapena ku Dun & Bradstreet, kampani yosunga kaundula wa mabizinesi, kenako amaimba pa nambala imene aipeza okha m'kaundula, osati imene mwawapatsa inu. Ngati nambalayo inatayika ndi simu yakale, kapena mwalemba dzina la pachikwangwani m'malo mwa lolembetsa ku PACRA, pempho limaima pomwepo, ndipo kukangana nawo sikuphula kanthu. Konzani kaundula kaye, malipoti apachaka a ku PACRA akhale operekedwa, ndiyeno lipirani.

Kunena zoona, shopu ya ku Kamwala kapena sukulu yaing'ono siifunika mavuto onsewa. Kuyambira 2019 Chrome ndi Firefox zinasiya kuonetsa dzina la kampani pafupi ndi adiresi, choncho kasitomala saona kusiyana kwa DV ndi EV. Amene mukufunabe OV, monga mabungwe a zandalama, dziwani kuti kuyambira pa 15 Marichi 2026 setifiketi siipitirira masiku 200, ndipo umboni wa kampani umafunika kuuperekanso pakatha masiku 398.