Kodi nkhondo zonse za mu Africa zinakonzedwa ndi America ndi Russia?

M'magulu a WhatsApp mumabwerabwera uthenga wakuti nkhondo iliyonse ya mu Africa inakonzedwa ndi mayiko awiri amphamvu, eni nthaka anali zidole chabe. Kawirikawiri amaikapo chithunzi cha asilikali chopanda tsiku kapena malo.

Zoona n'zakuti mayikowa ankasonkhezera moto umene unali utayaka kale. Pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku Angola, Soviet Union (mgwirizano wa mayiko umene Russia inkatsogolera) ndi Cuba ankathandiza gulu la MPLA, pomwe America ndi South Africa ankathandiza gulu la UNITA. Koma magulu awiriwa anali akulimbirana kale ulamuliro dzikolo lisanalandire ufulu mu 1975. Soviet Union itatha mu 1991, nkhondoyo inapitirira mpaka 2002 ndi ndalama za diamondi ndi mafuta. Ku Mozambique, komwe anthu pafupifupi 1 miliyoni anathawira ku Malawi, gulu loukira boma la RENAMO linaleredwa ndi mayiko a mu Africa momwemo: Rhodesia (Zimbabwe ya lero), kenako boma latsankho la South Africa. Chimandiwawa n'chakuti mphekeserayi imachotsa mlandu kwa amene anawotcha midzi ndi manja awo.

Mukalandira uthenga wotere, yerekezani zaka: nkhondoyo inayamba liti, thandizo lakunja linabwera liti? Chithunzicho chifufuzeni pa Google Lens, chida cha pa intaneti chofufuzira kumene chithunzi chinachokera. Ngati sizikugwirizana, chonde musautumize kwa ena.