Buku likapanda kutuluka pofufuza, sizitanthauza kuti kulibe

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva anzathu olankhula Chichewa kuno ku Harare akunena kuti buku likapanda kutuluka pofufuza m'nkhokwe za malaibulale pa intaneti ndiye kuti kulibe, ndiponso kuti za makolo athu amene anadzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu sizinalembedwe. Maganizowa ndi olakwika, ndipo zimandipweteka kuona ophunzira akugwa nawo mphwayi.

Kawirikawiri kompyuta siwerenga buku lonse, koma imayang'ana metadata, kutanthauza mawu ofotokoza bukulo amene wogwira ntchito m'laibulale analemba, monga mutu, mlembi, chaka ndi chinenero. Masamba ojambulidwa amakhala zithunzi chabe mpaka pulogalamu yozindikira zilembo yotchedwa OCR itawasandutsa mawu, ndipo pulogalamuyi imaphonya zilembo pa mapepala ofwifwa ndi olembedwa pamanja.

Chimene chimatisokoneza kwambiri ndi mayina. Mzinda uno unkatchedwa Salisbury mpaka 1982, dziko la Malawi linali Nyasaland mpaka 1964, ndipo dzina loti Chichewa linakhazikitsidwa kumeneko mu 1968, kotero mabuku akale ambiri analembetsedwa kuti ndi a Nyanja, Chinyanja kapena Mang'anja. Wolemba "Chichewa" yekha angathe kuwaphonya.

Musanauze wina kuti buku kulibe, yesani mayina akalewa, fufuzani ndi dzina la mlembi kapena chaka, kenaka funsani ogwira ntchito, chifukwa zina zili m'mashelefu koma sizinalowetsedwe mu kompyuta. Chonde tisafalitse zimene sitinatsimikize. Mukapeza buku lofotokozedwa moperewera, apempheni awonjezerepo dzina lamakono pambali pa lakale.