Kiyubu ya pepala ndi koni yodzaza mchenga

Kiyubu yojambula pa bolodi imaonetsa mbali zitatu zokha, zitatu zinazo mwana amangomva kwa aphunzitsi kuti zilipo. Akaipinda yekha ndi pepala, mbali zonse 6 zimadutsa m'manja mwake. Koma ntchitoyi imafuna miyeso yeniyeni, apo ayi phunziro lonse limathera pa kulimbana ndi guluu.

Pepala la A4 ndi masentimita 21 m'lifupi, 29.7 m'litali. Kiyubu ya masentimita 6 imakwana bwino: jambulani masikweya anayi otsatana m'litali, kenako awiri ena uku ndi uku kwa sikweya yachiwiri, chioneke ngati mtanda. Chojambula choyalachi m'mabuku a masamu amati net. Kiyubu ili ndi ma net 11 osiyana, mtandawu ndi umodzi chabe, ndipo kuwauza ophunzira kuti asake 10 otsalawo ndi ntchito yabwino kuposa kukongoletsa ndi makrayoni.

Pomwe ambiri amasokonezera ndi pa timakutu tomatira, tizidutswa totsala m'mphepete mwa net topakapo guluu. Kiyubu ili ndi mizere ya m'mphepete 12. Pa net, 5 ndi yongopinda, yofuna guluu ndi 7, choncho timakutu tikhalenso 7. Ana amakonda kuika kakhutu paliponse, n'kukhala ndi 14, kenako tiwiri timakumana pamalo amodzi n'kutukumula ngodya. Zungulirani m'mphepete mwa net, muziika kakhutu apa, kudumpha potsatira, kuikanso. Kalikonse kakhale sentimita imodzi m'lifupi, nsonga zake zodulidwa mopendekera kuti tisamaphane mkati.

Musanapinde, tsatani mzere uliwonse ndi rula ndi bolopeni yotha inki, mukusindikiza pang'ono. Mzere wotere umapindika mowongoka, ngakhale pa katoni. Guluu akhale wochepa. Akachuluka pepala limanyowa n'kukhwinyata, ndipo phala la ufa wa chinangwa, lomwe limagwira bwino pa katoni, pa pepala lopyapyala limachita zomwezo.

Kiyubu ikauma, ana awerenge ngodya, achotse mizere, aonjezere mbali: 8 − 12 + 6 = 2. Piramidi ya tsinde la sikweya imapereka 5 − 8 + 5, yankho 2 yemweyo. Katswiri wa masamu Leonhard Euler analemba za lamuloli mu 1750 m'kalata yopita kwa katswiri mnzake Christian Goldbach.

Chomwe pepala limaphunzitsa kuposa choko ndi ubale wa koni ndi silinda. Ndi kampasi jambulani bwalo la rediyasi (mtunda wochokera pakati kufika m'mphepete) ya masentimita 5, muyeze madigiri 216 ndi pulotilakita, mudule gawo limenelo mutasiya kakhutu mbali imodzi. Mukalikulunga pamatuluka koni ya rediyasi 3, kutalika 4. Silinda yake ikhale ya katoni yofewa: chidutswa cha masentimita 4 ndi 18.8, kuonjezera sentimita imodzi yomatira, pansi bwalo la rediyasi 3. Pamwamba pa zonse ziwiri pakhale potsegula.

Dzazani koni ndi mchenga wouma wosefa, musalaze ndi rula, muthire mu silinda. Ulendo wachitatu silinda imadzaza ndendende. Lamulo lija loti zolowa mu koni ndi gawo limodzi mwa atatu a zolowa mu silinda, lomwe ana amaloweza osalimvetsa, aliona ndi maso.

Silinda ikakana kudzaza, kawirikawiri vuto ndi kutalika. Wopanga amatenga masentimita 5, omwe ndi mbali yopendekera ya koni, n'kuwayesa kutalika kwa silinda, ndiye pamafunika makoni pafupifupi anayi. Mchenga wachinyezi nawo umatsalira kunsonga. Ndipo wogwira koni akaifinya ndi zala, kukamwa kwake kumaphwatalala, mchenga wolowamo n'kuchepa. Igwireni chakunsonga, kapena muikhazike pakamwa pa kapu podzaza.