Kamba wotontholetsera mwana ndi amene akumuliritsa

"Adokotala, zomupatsa mphothozi ndinayesa, sizithandiza." Ndikafunsa kuti anayesa bwanji, nkhani imakhala yomweyomweyi: mwana anadzigwetsa pansi pa siteji ya minibasi ku Limbe, anthu akuyang'ana, mayi n'kumugulira kamba kuti atonthole. Mayi, pamenepo mwamuphunzitsa kuti kulira kumabweretsa kamba. Mawa alira kuposa lero.

Mphotho imatsatira khalidwe limene mukufuna, ndipo imabwera pompopompo. Musamulonjeze za Loweruka, mwana wa zaka 3 sadziwa kuti Loweruka ndi liti. Sankhani chinthu chimodzi chokha, tinene kusamba popanda kulimbana. Akatero, mutchulireni chimene wachitacho: "Walowa wekha m'beseni, wandisangalatsa." Kenako ajambule nyenyezi pa kalendala. Zikakwana zitatu, asankhe yekha nthano ya usiku kapena aperekeze bambo ake kumsika. Sizilira ndalama. Nyenyezi imene wapeza kale musamafufute akalakwa china, mukatero sazikhulupiriranso.

Masiku oyamba kulira kumawonjezeka chifukwa akuyesa ngati njira yakale ija ikugwirabe ntchito. Apa ndi pamene ambiri amagonjera. Komanso ngati inu mukukana koma agogo ake kapena wantchito akumupatsa mobisa, mukutunga madzi ndi dengu.

Ana ambiri otchedwa osamva ndi ana osowa tulo. Malangizo a mu 2019 a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati wa zaka 3 kapena 4 azigona maola 10 mpaka 13 pa tsiku, ndipo foni kapena TV zisapitirire ola limodzi. Ndikudziwa kuti m'nyumba ya chipinda chimodzi ku Ndirande kapena ku Bangwe mwana amagona akulu akagona. Komabe ndondomeko ikhale imodzi madzulo aliwonse: kusamba, nsima, pemphero, pamphasa.

Koma pali ana amene nyenyezi sizingawathandize, ndipo awa ndi amene amandisowetsa mtendere. Mnyamata wina wa zaka 4 anachira malungo a muubongo, n'kubwerera kunyumba atasintha. Sankakhazikika, ankaluma anzake, nthawi zina ankangoti duu maso ali pamodzi, osayankha akaitanidwa. Anamukwapula. Ku mkombaphala anamuthamangitsa. Mneneri wina anati ndi ziwanda, n'kumusalitsa kudya mwana wamng'ono choncho. Sing'anga naye anamutema mphini m'mutu, ndalama n'kutenga. Pofika kwa ife chaka chinali chitadutsa. Kuti duu kuja kunali kukomoka kwa khunyu, matenda amene mankhwala ake alipo. Malungo a muubongo amatha kusiya khunyu ndi vuto la khalidwe, zimenezi n'zodziwika bwino kuno ku Blantyre, koma panalibe amene anawauza makolo ake kuti abwerere naye kuchipatala.

Choncho khalidwe likasintha mwadzidzidzi atadwala kapena atagwa n'kumenyetsa mutu, ngati wafika zaka 2 osalumikiza mawu awiri, ngati satembenuka mukamuitana, kapena waiwala zimene ankatha kuchita, za kalendala zisiyeni kaye. Zoti "ana aamuna amachedwa kuyankhula" musamvere. Tengani buku lake la kusikelo, pitani kuchipatala chapafupi, kaya ku Zingwangwa kaya ku Chilomoni, mukafotokoze zonse, ngakhale za mphinizo. Akaona kuti n'koyenera akutumizani ku chipatala chachikulu cha Queens. Pempherani ndithu, koma mukupita.