Kuseleula mafilimu a za m'mlengalenga: chimaseketsa n'chiyani, chimapha nthabwala n'chiyani

Achinyamata a ku Ndirande, Chilomoni ndi Bangwe akujambula timasewero tanthabwala pafoni n'kumaika pa TikTok ndi Facebook, ndipo ena ayamba kuseleula mafilimu a sayansi yongopeka, aja a maloboti, zombo za m'mlengalenga ndi zilombo za ku mapulaneti ena. Tambiri timagwera pamalo amodzi. Wojambula amaganiza kuti poti ndi nthabwala, zonse zizioneka zachibwana: chisoti cha katoni chosamata bwino, kulira kwa mfuti kochita ndi pakamwa, wosewera akudziseka yekha. Woonera amangomwetulira n'kupitirira.

Woseleula waluso amamanga chinthu chofanana ndendende ndi chenichenicho, n'kupotoza mbali imodzi yokha. Spaceballs, imene Mel Brooks anatulutsa mu 1987, imayamba ndi chichombo chikudutsa pang'onopang'ono monga inayambira Star Wars ya mu 1977. Chombocho anachipanga mwaluso, nyimbo yake ndi yochititsa nthumanzi. Chopotozedwa ndi kutalika basi: chimangodutsa, osatha, kupitirira mphindi yathunthu, mpaka woonera amaphulika ndi phwete atazindikira kuti akumuseweretsa. Chikanaoneka chazitini, anthu akanaseka pa sekondi yoyamba n'kutopa pa yachitatu. Brooks yemweyo, pojambula Young Frankenstein mu 1974, anasankha zithunzi zakuda ndi zoyera ngati zakale, ndipo anakatenga zipangizo za mu labotale zimene zinagwiritsidwa ntchito mu Frankenstein ya mu 1931, zomwe wozipanga, Kenneth Strickfaden, anali akusungabe.

Osewera nawonso asamadziwitse woonera kuti akuchita nthabwala. Amene anaonerapo Izeki ndi Jakobo akukumbukira kuti choseketsa chinali chakuti munthu akunena zosatheka ndi nkhope ya munthu wotsimikiza. Loboti yofunsa njira yopita ku Limbe iziyenda ndi kulankhula ngati loboti mpaka kamera itazimitsidwa. Ikangotsinzinira woonera diso, zatha. Wosewera akakhulupirira zimene akuchita, ngakhale chipangizo chotchipa chimapulumuka: mu Dark Star ya mu 1974 chilombo chinali mpira wopopa wa kunyanja woikidwa mapazi, koma Dan O'Bannon ankauthamangitsa ngati moyo wake uli pachiswe. Patapita zaka zisanu, kunatuluka Alien, imene O'Bannon analemba, nkhani yomweyo ya chilombo chobisala m'chombo, koma yoopsa. Mantha ndi phwete amaziphika mofanana: kudikiritsa, kachetechete, kenako chinthu chosayembekezeka.

Vuto lalikulu kuno kwathu ndi lakuti woonera ayenera kudziwa chimene chikuseleulidwa. Mu Spaceballs, John Hurt amabwereza zimene zinamuchitikira mu Alien, kachilombo kakutuluka m'thupi mwake, koma ulendo uno kamavala chipewa n'kuyamba kuimba ndi kuvina. Amene sanaonere Alien amangodabwa. Anthu ambiri a mu Blantyre anakulira m'mavidiyo sho, ndipo nkhope imene amaidziwa ndi ya Schwarzenegger mu Terminator ndi Predator, osati ya akapitawo a mu Star Trek. Seleulani zimene anthu anu anaonera. Kumbukiraninso kuti ambiri anazionera zitamasuliridwa m'Chichewa, womasulira atapereka kale mayina oseketsa kwa osewera ndi kuthirirapo ndemanga zake. Kungopatsa loboti dzina la kumudzi ndi nthabwala imene anthu anaimva kalekale. Kuvala ngati munthu wa mu filimu yotchuka n'kuima pamaso pa kamera sikokwanira. Woonera amazindikira, koma kuzindikira sikuseka.

N'chifukwa chake ambiri odziwa ntchitoyi amaiyamikira Galaxy Quest ya mu 1999, yoseleula Star Trek, ndipo ine ndikuona kuti imaposa Spaceballs. Osewera a pulogalamu ya pa TV imene inatha kalekale amatengedwa ndi zolengedwa za kutali zimene zinkaonera pulogalamuyo n'kumaganiza kuti ndi mbiri yeniyeni. Mdani wake ndi woopsadi, ena amafa, ndipo osewera amantha aja amayenera kukhaladi ngwazi. Amene sanamvepo za Star Trek amatsatira nkhani n'kuseka; amene amaidziwa amaseka kawiri. Mu 2000 inapata mphoto ya Hugo, yomwe amavota ndi okonda nkhani za sayansi yongopeka, anthu omwewo amene filimuyo inkawaseka mowakonda. Musanajambule, yesani izi: fotokozani nkhani yanu m'ziganizo zitatu popanda nthabwala ngakhale imodzi. Ngati palibe amene akufuna chinachake ndi chimene chikumutchinga, muli ndi mulu wa nthabwala, nkhani mulibe, ndipo pakatha mphindi ziwiri anthu ayamba kuchoka.

Pa zipangizo, yambani ndi mawu, chifukwa khutu silikhululuka msanga ngati diso, komanso mawu ndi otchipa. Ben Burtt anapeza kulira kwa mfuti za mu Star Wars pomenya ndi hamala waya womangira nsanja ya wailesi, ndipo kulira kwa lupanga lowala kunachokera ku injini ya pulojekita yakale ndi kulira kwa TV. Waya wa mpanda wokokedwa bwino, fani, jenereta yojambulidwa patali n'kuichedwetsa pa kompyuta, zonsezi zimapereka mawu a chombo. Jambulani usiku kapena m'chipinda chotseka, foni ili pafupi ndi gwero la phokosolo.

Ngati mukugwiritsa ntchito nsalu yobiriwira kuti muikepo nyenyezi kumbuyo, isiteni, chifukwa makwinya amapanga mithunzi imene pulogalamu imalephera kuchotsa. Wosewera aime mamita awiri kuchokera pansaluyo. Akayandikira, kubiriwira kumamuwalira m'makutu ndi m'mapewa, ndipo m'mphepete mwake mumaoneka modyeka. Nsalu ikhale ndi nyali yake, munthu akhalenso ndi yake. Magetsi athu ndi a 50 Hz, choncho ikani kamera pa zithunzi 25 pa sekondi ndi shata (nthawi imene kamera imalowetsa kuwala pa chithunzi chilichonse) pa 1/50 ya sekondi. Mukasiya pa 30, mababu ena amaoneka akuthwanima kapena kutulutsa mizere.

Podula, siyani sekondi imodzi kapena ziwiri zachete pambuyo pa nthabwala kuti phwete lisadye mawu otsatira, ndipo onetsani kaye anthu amene sanalipo pojambula, chifukwa amene analipo amaseka zimene akukumbukira. Nyimbo ya filimu imene mukuseleula musaitenge: YouTube ndi Facebook zimatha kuizindikira n'kuzimitsa mawu onse kapena kutseka vidiyoyo. Spaceballs inali ndi nyimbo zakezake, zimene John Morris anapeka kuti zizimveka ngati za John Williams, wopeka nyimbo za Star Wars, popanda kuzikopera. Woimba kiyibodi wa kutchalitchi kwanu, mukamumvetsera kamodzi chimene mukufuna, angakupangireni ya malipenga ndi ng'oma yokwana masekondi 30.