Galimoto yakale siyofunika kulira theka la ola kukazizira

Yanditopetsa nkhani yoti ku Canada kapena ku Norway, munthu woyenda pa galimoto yakale ya carburettor (chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya) tsiku lililonse aziyamba waisiya ikulira pabwalo theka la ola. Zoona, injini yotere imafuna choke (kachipangizo kochepetsa mpweya kuti petulo achuluke) ndi mphindi zochepa kuti ikhazikike. Kupyola apo n'kuipweteka: petulo wochuluka amatsuka oilo m'masilinda n'kutsikira mu sampu, mosungira oilo pansi pa injini. Imatentha msanga ukamaiyendetsa pang'onopang'ono.

Musamwaze zongomva musanadzionere nokha. Solani dipstick (kachitsulo koyezera oilo) muinunkhize; likamveka fungo la petulo, ndiye kuti walowa mu oilo. Tsegulaninso buku la galimotoyo muone zomwe likunena pa nkhaniyi. Kumene chisanu chimaluma zedi, eni ake amangolumikiza block heater (chotenthetsera injini) kumagetsi maola angapo asananyamuke.